Ndine nkhoswe m'tauni ya pa kanema

Ndili m'katauni ka m'sewero la Chisipanishi lija akazi anga amaonera pa kanema. Ndavala jombo za kumunda, ndapanira tambala m'khwapa.

Mnyamata wophika buledi, amene chaka chonse wakhala akulirira mwana wa eni famu, akundigwira dzanja.

"Malume, mukandilankhulire. Akakana lero, mawa amukwatitsa kwa dokotala."

Sindimudziwa, koma ndine malume ake basi.

Tafika. Eni famu akhala pa kavalo m'chipinda chochezera. Ndikunyonyomala, ndikuomba m'manja. Ndikamalankhula, mawu anga akulembeka pansi pa mawondo anga, iwo akuwerama kuti awerenge.

"Bambo, mwana wathuyu wakonda mwana wanu. Ntchito amagwira. Mowa samwa."

Akuyankha zambirimbiri m'chinenero chawo, nyimbo ikulira kudenga. Ndikudikira amalize.

"Nanga tambalayo?" akufunsa m'Chichewa cha ku Dedza.

"Ngwanu. Inu mutipatse msoti."

Akuseka, akutsika pa kavalo. Mtsikana akubwera ndi msoti wovala ndolo. Tikusinthana nkhuku, amayi a m'tauni monse akuimba nthungululu.

Ndadzuka kutulo mtima uli m'malo, ngati ndamaliza ntchito yabwino.