Mutu wa Sitima Wofika Maliro Atatha

Amuna anga anali mphunzitsi wa sayansi, munthu wa tayi, mkulu wa mpingo, koma akafika pa tisitima tawo ankagwada pansi ngati mwana. Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinapita ku Rumphi kukagwira unamwino, n'kukwatiwa komweko. Boma lonse la Rumphi lilibe njanji ngakhale yotalika ngati mkono wangawu. Njanji yokhayo inali m'nyumba mwathu, m'chipinda chimene chikanakhala cha ana tikanapatsidwa.

Zinayamba matipate atangobwera, kaunjika atadzaza m'misika. M'mabelo ena munkatuluka zidole, ndiye tsiku lina ku Mzuzu anatolamo kabogi kofiira ka matayala achitsulo. Basi, matenda n'kuyambika. Mwezi ukatha, uyo pa minibasi, kukafukula milu ya zidole limodzi ndi azimayi osankhira ana awo. Ankabwerako ndi kabogi ka malasha, ka mafuta, ka ng'ombe, mwina tinjanji tokhota atatikulunga m'kampango ka m'thumba. Ine pakamwa sipakhala chete, ndinkawanena.

"Bambo, imvi zonsezi? Anthu a ku tchalitchi aziti chiyani?"

"Mama, tabwerani muone tingowe take," ankatero, osandimva n'komwe.

Lamulungu tikaweruka kunkabwera mnzawo, mphunzitsi wa masamu, wamtali, wosayankhulayankhula. Chatsopano chilichonse ankayamba kuonetsedwa ndi iyeyo. Ankachitembenuza, kuchiuzira fumbi, kuchikhazika panjanji, kenako awiriwo n'kumachitsata ndi maso chikuzungulira pathabwa. Tiyi ndinkawapatsira pakhomo chifukwa m'katimo munalibe popondapo.

Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi mitu yokokera. Anali nayo iwiri, yonse yotheratu. Akaulumikiza ku mabogi ambiri unkangolira, matayala n'kumazungulira pamodzimodzi. Mabogi anachuluka mpaka pawindo, koma sanayendepo onse pamodzi. Wophunzira wawo wakale amene anali ku Ulaya analonjeza kuti adzatumiza mutu wamphamvu akadzapeza munthu wobwera kumudzi. Anaudikira, naudikira, mpaka anadwala.

Matenda awo sindiwafotokoza. Ndine namwino, ndinadziwa kumene tikulowera iwo asanadziwe. Masana ena ndikuwakonzera diripi anandigwira mkono.

"Mama, mutu uja ukafika muuyendetse. Ukoke mabogi onse, ngakhale kamodzi kokha."

Ndinati chabwino, mmene timayankhira odwala.

Tinakawaika kwawo ku Mwazisi. Anthu analira chomene, monga amanenera kumeneko, ine ndikungowayang'ana pakamwa. Akati khalani, ndinkakhala. Akati idyani, ndinkadya. Msozi sunatuluke, ndipo ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti anamwino anazolowera mitembo. Sizinandipweteke n'komwe.

Patapita kanthawi kunabwera alamu anga, akulu awo a malemu, mlimi wa fodya, ndi abale ena kudzagawa katundu. Ndinene zoona, sanandilande kanthu. Mipando, bedi, ziwiya, zonse anati n'zanga. Mwambo wake ndi woti wachibale aliyense atengeko kenakake ka womwalirayo kuti azimukumbukira. Jekete linapita kwa uyu, nsapato kwa uyo, mabuku kwa mdzukulu wa ku sekondale. Kenako anatsegula chipinda cha tisitima, onse n'kuima pakhomo kukamwa yasa.

"Mlamu, izi n'za ana," anatero alamu. "Muno mulibe mwana. Aliyense atengereko mwana wake chimodzi, pasapezeke wodandaula."

Anagawadi mwachilungamo, abale inu. Bogi kwa uyu, njanji kwa uyo, mitu iwiri ija kwa ana aamuna akuluakulu. Kabokosi kolumikizira kumagetsi kanapita ndi msuweni wa kunyanja, ankati mwina kathandiza pa wailesi. Anandifunsa ngati ndikuvomera, ndipo ndinavomera ndi mutu. Tsiku limenelo akanapempha denga ndikanavomeranso. Mphunzitsi wa masamu uja panalibe, poti si wachibale palibe anaganiza zomuitana.

Mutuwo unafika mvula itatha. Bambo wina wachilendo anandipeza pantchito, nandipatsa kaphukusi, nati pepani, ndamva pageti. Kunyumba ndinamasula. Unali wakuda, wolemera ngati mwala wonolera mpeni, matayala ake ambirimbiri. Ndinauika pamwamba pa kabati n'kupita kukachapa yunifolomu.

Ukanakhala pomwepo mpaka lero, koma mphunzitsi wa masamu uja anamva. Anabwera Lamulungu, nautenga m'manja onse awiri, nauuzira fumbi ngati kale. Kenako anayang'ana kuchipinda kuja. Ndinamutsegulira kuti adzionere yekha thabwa lopanda kanthu.

"Anagawa?"

"Anagawa."

"Chimodzichimodzi?"

"Eya."

Anakhala pansi pakhonde, tayi ili pakhosi. Pamenepo m'pamene ndinamuuza zimene malemu anandipempha m'chipatala. Sanandidzudzule. Anangoti, "Mama, Loweruka tipite ku Mwazisi."

Tinakwera matola, mutu wa sitima uli m'chikwama changa pamiyendo. Fumbi la msewu umenewo limalowa mpaka m'mano. Alamu tinawapeza m'chigafa akusankha fodya. Nditawafotokozera anagwira pakamwa.

"Mlamu, bwanji simunanene tsiku lija?"

"Sindinkamva kanthu, alamu. Ngakhale pano sindikumva kanthu. Koma anandituma."

Anachita manyazi munthu wamkulu, mpaka ndinalakalaka ndikanangokhala kwathu. Anaitana ana onse a pamudzipo nawauza kuti aliyense abweze chake, adzabwezeredwa. Ana anabwera monyinyirika. Kabogi ka ng'ombe kanali kodzaza mchenga, kopanda matayala. Ka mafuta anakaboola n'kumangirira chingwe chokokera. Kena anakapeza kuseri kwa khola, katatafunidwa ndi galu. Mabogi ena anapita ku Mzuzu, ena kunyanja, ena kaya. Pa mabogi onse aja, amene anali ndi matayala ndi tingowe tomwe anali awiri. Tinjanji tinapezeka towerengeka, tadzimbiri, ndipo titatilumikiza sitinakumane n'kupanga bwalo. Tinangotalika ngati mphasa, n'kuthera m'malere.

Pamudzipo panalibe magetsi, ndipo kabokosi kaja kanali kutali. Alamu analowa m'nyumba natulutsa batire ya galimoto imene ankamvera wailesi. Mphunzitsi wa masamu anati itheka, kungoti liwiro lake sitingalichepetse. Anayala chitseko chakale pabwalo, nagwada, nayamba kupala dzimbiri ndi kampeni. Anachedwa nazo kwambiri. Ine ndinakhala pachitsa, dzuwa likundiwotcha pamutu, ndikuganiza zoti mawa ndili pantchito ndipo sopo watha.

Atamaliza anandiitana. "Mama, muike ndinu."

Ndinaukhazika panjanji, iye n'kukonza matayala, nakoleka mabogi awiri aja kumbuyo. Alamu anakagwada kumapeto kwa njanji, manja ali chotambasula, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Ana anazungulira, azimayi anasiya zimene ankachita. Mphunzitsi anagunditsa mawaya panjanji.

Unanyamuka ngati walumidwa. Kanyali kake kakutsogolo kanayaka, mabogi awiri n'kutsatira, tcheketcheke, ndipo ndisanaphethire unali kale m'manja mwa alamu. Ana anakuwa, azimayi ena n'kululutira. Mphunzitsi wa masamu anavula magalasi, nayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

"Yewo, yewo chomene," ankatero alamu, atauphatika pachifuwa. "Wakoka, mlamu. Mwaona? Wakoka ndithu."

Ndinaona. Ndinadikira kuti mwina china chake chimasuka m'chifuwamu, koma munali zii. Ndinayang'ana mabogi awiri ali gada pachitseko, ndi kamulu ka osweka aja pambali pake.

"Tiuyendetsenso?" anafunsa alamu.

"Ayi," ndinatero. "Malemu anati mabogi onse."

Alamu anautsitsa mutu uja pachifuwa, naupukuta utomoni ndi malaya awo, nandibwezera ndi manja awiri.