Ngalande imayambira kumunsi

Nyumba yanga ili ku Masasa, mzere womaliza, pamene chitunda chimathera ndipo dambo limayamba. Ndinamanga ndekha. Njerwa ndinaumba ndekha, maziko ndinakumba mpaka m'chiuno. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma khoma lomanga ine linali lisanapendamepo. Mu Mzuzu muno muli nyumba zambiri zotuluka m'manja mwanga, za anthu amene lero sandipatsa moni.

Wokhala kumunsi amawadziwa madzi. Mvula iliyonse yogwa pa malata a kumtunda imadutsa pakhomo pake. N'chifukwa chake tinali ndi ngalande, imodzi yokha, yotsika pakati pa nyumba kuchokera kumsewu wa pamwamba mpaka kudambo. Sinali ya boma. Sinali ya munthu. Tinkaikumba chaka ndi chaka mvula isanayambe, Loweruka m'mawa. Ndinkamenya chitsulo cha gudumu la lole chimene chinkalendewera pamtengo wa mapeyala, anthu n'kutuluka ndi makasu, mapiki ndi mafosholo. Amayi ankatuta dothi m'ndowa. Ena ankabweretsa chindongwa, thobwa lathu la kuno.

Lamulo linali limodzi: timayambira kumunsi. Mukayambira kumtunda, wa kumtunda akangoona kuti pakhomo pake payera amakumbukira kuti kuli maliro ku Chibavi. Pofika pakati mwatsala theka. Pofika kudambo atsala eni nyumba okha. Koma mukayambira kumunsi, wa kumtunda amakumbira mnzake tsiku lonse asanafike pake, ndipo wa kumunsi sangathawe, chifukwa ngalande ikasefukira pamwamba madziwo ndi ake. Palibe anatiphunzitsa zimenezi. Matope a m'nyumba ndiwo anatiphunzitsa.

Panali kuseka pa ntchitoyo. Mnzanga wina wa ku Nkhata Bay, kalaliki wopuma ntchito amene amakhala mizere itatu pamwamba panga, ankabwera atavala malaya osita.

"Akulu, mukupita ku ukwati?" tinkamufunsa.

"Kumbani inu. Ine matope amandiopa."

"Fosholoyo si apongozi anu, igwireni zolimba!"

Koma ankakumba, ndipo ankachoka ntchito itatha.

Mvula ya kale inali ndi ulemu. Inkagwa pang'onopang'ono masiku angapo, yamawawa, chifunga chili thoo mpaka kumsika. Tinkavala majuzi masana. Udzudzu tinkaumva kwa obwera kuchokera kunyanja. Tsopano dzuwa limawotcha ngati tili kuchigwa, mvula imachedwa, ndipo ikabwera imakhuthula ya mwezi wonse pa tsiku limodzi. Sindinawerenge zimenezi m'buku. Ndaziona pa khoma langa, pamene chinyezi chimafika chaka chilichonse.

Chimene chachititsa ndimachidziwa. Wailesi ndili nayo. Mayiko a mafakitale aotcha malasha ndi mafuta zaka zosawerengeka, alemera nazo, utsi wawo watenthetsa dziko lonse. Atsogoleri awo amakwera ndege kukakumana, amadya, amalonjeza, amakweranso ndege. Ndili mnyamata ndinagwira ntchito pansi pa kapitawo wina amene anakhalapo ku migodi ya ku Joni. Ankati mwini mgodi amatenga golide, wokumba amatenga chifuwa. Ndinkayesa amanena za ku Joni kokha.

Ndiye kunabwera munthu wogulitsa matabwa. Anagula mapuloti onse a mzere wa pamwamba, nagwetsa nyumba zimene zinalipo, nadula mitengo, namanga mpanda wautali kuposa munthu. Bwalo lonse anathira simenti kuti malole ake aziimapo. Simenti simwa madzi. M'munsi mwa mpandawo anaikamo mapaipi anayi, onse oloza kwa ife.

Tsiku lokumba litayandikira ndinapita pageti pake. Anatuluka mlonda.

"Mwauka uli, adada?"

"Tauka. Abwana alipo?"

"Ali ku Lilongwe."

"Auzeni kuti Loweruka tikukumba ngalande. Nyumba iliyonse imatumiza munthu."

Mlondayo anandiyang'ana mwachisoni. Ndi munthu wa kwathu komwe kuno, amachita lendi kumunsi kwa tchalitchi. "Adada, abwana anati malo awa anagula, mapepala ali nawo. Za kunja kwa mpanda si zawo."

"Nanga madzi otuluka m'mapaipimo ndi a yani?"

"Akatuluka ndiye kuti atuluka, adada."

Wamatabwayo sanatumize munthu. Tinakumba tokha zaka ziwiri, tikukulitsa ngalandeyo chifukwa cha madzi ake. Inapirira. Nyumba yanga inanyowa koma inaima.

Chaka chachitatu kunabwera bungwe lina, la galimoto yoyera. Anatiitanira pabwalo la tchalitchi. Mtsikana wovala malaya a bungwelo anaima kutsogolo, wophunzira bwino, waulemu.

"Monire mose, adada na amama!"

"Yewo!"

Anatiphunzitsa za kusintha kwa nyengo, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. Anationetsa chithunzi cha mayi wosenza thumba la makala. Anati tonse tili ndi mbali pa vutoli. Apo ndinaimirira.

"Mwana wanga, mwati tonse. Ine galimoto ndilibe. Ndege ndimangoiona m'mwamba. Mbaula ya akazi anga kukula kwake ngati chipewa changachi. Utsi umene wasokoneza mvula ya dziko lonse watuluka m'menemo?"

"Funso labwino chomene, adada. Koma nkhani za mayiko akuluakulu zili ndi misonkhano yake."

"Chabwino, tisiye mayiko. Malole a matabwa amene amagona pamwamba apa, chithunzi chawo chili kuti? Nkhalango yatha ndi mutu wa mayi uyu?"

"Tiyeni tikambe zimene ifeyo tingathe kuchita, adada."

"Khalani pansi, madala," wina anakuwa kumbuyo, "mukutichedwetsera mabanzi!"

Anthu anaseka. Ndinakhala pansi.

Zimene ifeyo tingathe kuchita zinali izi: bungwelo limanga ngalande yathu ndi miyala ndi simenti, ndipo okumba azilandira kangachepe. Ntchito imene tinkagwira ulere kuyambira ana anga asanabadwe, tsopano inali ndi malipiro. Anthu anawomba m'manja. Koma si onse amene akanalembedwa. Analemba nyumba zina, zina anazisiya. Tsiku lomwelo anthu amene ankamwera chindongwa chikho chimodzi anayamba kuyang'anana ndi diso lofiira.

Anafunsa ngati pali mmisiri. Anthu analoza ine. Mnyamata wa bungwelo, wamkulu wa ntchitoyo, anandigwira dzanja ndi manja awiri, nanditcha injiniya wathu. Anandipatsa majombo atsopano ndi chovala chonyezimira cha pachifuwa. Ndinene zoona, zinandikoma. Zaka zonsezi palibe wa galimoto ananditchapo choncho.

Tsiku loyamba ndinatsogolera anthu kudambo. Mnyamatayo ananditsatira akuthamanga.

"Injiniya, mukupita kuti? Tiyambira pamsewu."

"Kuno timayambira kumunsi."

"Lole ya miyala singafike kumunsiko. Komanso chikwangwani chikhala pamsewu, alendo athu otithandiza akabwera adzaima pamenepo. Musadandaule, tifika mpaka pansi."

Ndinkadziwa. Palibe munthu pa chitunda chonsecho amene ankadziwa kuposa ine. Ndikanavula chovalacho n'kuchiponya pansi. Ndikanamenya chitsulo n'kuuza anthu kuti ngalandeyi ndi yathu, miyala yawo tiisenza pamutu mpaka kudambo. Kalaliki uja anandiyang'ana, akudikira kuti ndinene. Sindinanene. Ndinatembenuka n'kukwera chitunda, anthu pambuyo panga.

Tinamanga bwino. Zimenezo sindingakane, ndi ntchito ya manja anga. Ngalande yotakasuka, yosalala, yolunjika, kuyambira pa mapaipi a wamatabwa. Alendo anabwera, anajambula, anatipatsa moni wa m'manja. Titafika pakati pa chitunda, mnyamatayo anati gawo loyamba latha. Gawo lachiwiri lidikira kuti akuluakulu a kunja avomereze. Kunja kumeneko, anati, kwabuka nkhondo, ndipo thandizo lambiri lapita kumeneko. Galimoto yoyera inapita.

Ndinaima pamene simenti inathera. Kutsogolo kwake kunali kangalande kathu kakale, kodzaza ndi mchenga ndi zinyalala, chifukwa chaka chimenecho sitinakakumbe. Mmisiri aliyense akanaona chimene chikubwera. Kale madzi ankatsika mokhotakhota, akuchedwa m'maudzu, ena akulowa pansi. Tsopano tinawakonzera msewu wa tala, wothera pamwamba pa nyumba zathu.

Loweruka ndinamenya chitsulo. Ndinamenya mpaka dzanja linachita dzanzi. Kunabwera anthu asanu, onse a mzere wa kumunsi, atatu mwa iwo amayi amasiye. Ndinayenda khomo ndi khomo.

"Pali kangachepe, injiniya?" anandifunsa wina, akutsuka njinga yake yamoto.

"Amalize amene anadya," anatero mayi wina amene sanalembedwe. "Ife maina athu anali oipa."

"Tidikire gawo lachiwiri, adada. Tikakumba tokha adzati sitikusowa thandizo."

A kumtunda sanavutike n'kuyankha komwe. Pakhomo pawo panali poyera kale.

Kalaliki uja ndinamupeza pakhonde. Sananditche injiniya.

"Akulu, munali ndi pakamwa tsiku lija," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndibwera. Koma ochepa chonchi sitikwanitsa."

Anabwera, malaya osita. Tinakumba Loweruka lililonse, anthu asanu ndi awiri, okalamba tonse. Dothi la pamenepo ndi katondo wouma ngati njerwa. Mvula inatipeza tisanafike pa simenti.

Ya Disembala ndi Januwale tinapirira ndi matumba a mchenga. Imene inatimaliza inagwa mu Epulo, masana, titangotha kudya. Inayamba ngati munthu akukhuthula miyala padenga. Pasanathe nthawi ndinamva mkokomo kumtunda. Nditatuluka ndinaona madzi ofiira akutumphuka pamene simenti inathera, akusiya njira, akubwera molunjika kuseri kwa nyumba yanga. Ananyamula zidebe, nkhuku, chitseko cha bafa la munthu.

Akazi anga anali kuchipinda, akukweza mabulangete pamwamba pa kabati.

"Tulukani!"

"Dikirani, abambo, ufa unyowa."

"Siyani ufawo, tulukani!"

Ndinawakoka pa dzanja. Tinaima pabwalo, madzi m'mawondo. Khoma la kuseri silinagwe msanga. Linayamba lafufuma pakati ngati mimba, kenako linakhala pansi, denga la zipinda ziwiri n'kulitsatira. Khoma limene ndinaliyeza ndi levulo njerwa iliyonse. Nyumba ya mayi wamasiye woyandikana nafe inagwa yonse. Mwayi wake anali kumsika.

Patapita masiku anayi galimoto yoyera inabwera. Inaima pamsewu, iwo n'kutsika wapansi, atanyamula ndowa zapulasitiki, sopo ndi mapepala ofolera. Mtsikana uja anali nawo. Atandiona anagwetsa nkhope, ndipo ndikhulupirira kuti chisoni chake chinali chenicheni. Sindimuda. Amagwira ntchito kuti adye, ngati mlonda uja.

"Pepani chomene, adada. Ndi kusintha kwa nyengo kumene tinkanena kuja."

"Nyengo yasintha, inde. Koma nyengo siinaike mapaipi. Siinayambire ngalande kumtunda."

Mnzake wa kamera anandipempha kuti ndiime pafupi ndi khoma logwalo, ndowa m'manja.

"Muyang'ane kuno, madala. Osaseka."

"Ukajambule mpanda uli pamwambapo."

"Chithunzichi chithandiza kuti thandizo libwere, madala."

"Chotsa chinthu chakocho pakhomo panga."

Ndowayo akazi anga analandira. Sindinawaletse. Zathu zinapita ndi madzi.

Sabata yotsatira kunabwera akuluakulu ena a mataye, ndi mapepala. Anayenda mzere wa kumunsi, nsapato zawo akuziteteza ku matope. Anati malo ano si oyenera kukhalapo anthu, tinalakwa kumanga m'njira ya madzi, tiganize zosamuka. Ndinawafunsa kuti tisamukire kuti. Anati zimenezo zikukambidwa. Ndinawafunsa ngati apitanso kukagogoda pageti la pamwamba. Mmodzi anati bwana ameneyo ndi wobweretsa chitukuko, amalemba anthu ntchito.

Ndakhala pano zaka zoposa za amene ananenayo. Pamene ndinkamanga sipanali njira ya madzi. Njirayo anaibweretsa, ndipo mbali ina ndinaimanga ndine, nditavala chovala chonyezimira. Chimenecho ndicho chimandiwawa kuposa khoma. Olemera atiwonongera mvula, zoona. Koma chinthu chimodzi chimene tinali nacho, chimene iwo analibe, chinali chakuti chitsulo chikalira tinkatuluka tonse. Anachigula motchipa, ndipo wogulitsa ndinali ine.

Akazi anga ali ku Chibavi kwa mwana wathu wamkazi. Chifuwa chawo sichifuna chinyezi. Mwanayo amanditumizira mawu kuti ndipite nanenso, kuli chipinda. Ndamuuza kuti sindinamange nyumba kuti ndikafere m'nyumba ya mkamwini.

Njerwa zimene sizinasweke ndinazitola, ndinazipala, ndamanganso khomalo. Simenti ndinalibe, ndamangira dothi. Laima mowongoka, aliyense wodutsa amayamikira. Ine ndine mmisiri, ndikudziwa kuti likapirira mvula ya chaka chino, ya chaka chamawa silipirira. Bedi ndalisunthira kuchipinda cha kutsogolo.