Shati Imene Amai Anachapa

M'zaka za chipani chimodzi tinkakhala ku Kabwata. Atate anagwidwa, ati anaba matumba a unga wophikira nsima kuntchito, ndipo apolisi anawamenya mpaka anavomera. Amai atakawaona, anabwerako ndi shati yawo yamagazi. Anaichapa n'kuisita bwinobwino, poti amuna awo sakanaima pakhoti ngati munthu wopanda mkazi.

Loya wa atate atamva anagwira mutu. "Amai, magazi aja ndiye anali umboni wathu!"

Pakhoti atate anauzidwa kuvula shatiyo. Woweruza ataona mikwingwirima pamsana, anati khoti silimva mawu otulutsidwa ndi chikoti, ndipo mlandu unathera pomwepo. Koma ine ndimakumbukira manja a atate. Asanatembenuke kuonetsa msana, anayamba apinda kaye shati ija mosamala, kuti isakwinyike amai akuona.