Kuseri kwa Mzere wa Phulusa

Fungo la dothi la pachulu likanyowa limandibwezera pabwalo la sukulu yathu yofolera udzu ku Nazombe, zaka zija asilikali atangobwerako kunkhondo. Mapu a pepala tinalibe. Amene analipo chiswe chinadya n'kungosiya ndodo yopachikira, yomwe pambuyo pake inkatidya ife m'matako. Tsono aphunzitsi athu, munthu wa ku Zomba, anati tiumbe dziko la Nyasalande pansi.

Ntchito inagwera ife atsikana, poti kuzira ndi kuumba mbiya tinkadziwa kale. Tinkasenza dothi m'madengu, kuliponda mpaka zala kuchita dzanzi ndi chisanu cha mu Juni. Phiri la Mulanje linatifika m'mawondo, Michesi pambali pake. Nyanja ya Chilwa inali phale lokwirira, lomwe tinkathiramo madzi m'mawa, nkhuku n'kumwa masana. Mitsinje inali luzi. M'malire aphunzitsi anathiramo phulusa, ndipo kuseri kwa mzerewo tinkangosesa kuti mbee.

Nyengo yomweyo amalume, eni mbumba yathu, anagamula kuti ndisiye sukulu, ndipite ku Chilwa kukayanika matemba ndi mayi aang'ono. Ankati mtsikana akadziwa kulemba dzina lake, basi wamaliza. Ndinalira mpaka maso kutupa, koma mawu a amalume sankabwezedwa.

Tsiku lodzanditenga amalume anatipeza titazungulira mapu athu. Anaima, khasu lili paphewa, nafunsa m'Chichewa chawo chopendekera ku Chilomwe, "Nanga uku mwasesaku n'kuti?" Aphunzitsi anayankha kuti kumeneko n'kwa Apwitikizi, ndipo m'buku lathu mulibe. Ha! Amalume anatula khasu. "Ndiye mwasesa manda a mayi anga?"

Anagwada, munthu wamkulu ndi imvi zake, natapa dothi lotsala. Anaumba phiri la Namuli, nalemba ndi chala njira imene anayenda ali mnyamata pothawa chibalo cha Apwitikizi, akutchula mtsinje uliwonse womwe anawoloka ndi pamene anagona ndi njala. Aphunzitsi sanakwiye. Anatola sileti n'kumalemba, ngati mwana wa sukulu. Atatha anatembenuza siletiyo n'kufunsa amene angabwereze. Anzanga onse anawerama. Ine ndinatenga ndodo ija, ndipo ndinayenda nayo kuchokera ku Namuli, mitsinje isanu ndi iwiri osaphonya, mpaka pakhomo pathu.

Amalume anadzuka. Anapukutira manja pakabudula, natola khasu lawo. "Matemba akayanika ena," anatero. "Uyu akhale, aziwauza kuti kuseri kwa phulusa kuli anthu."

Mvula yoyamba inasungunula dziko lathu lonse tsiku limodzi, ndipo sileti ija inafufutidwa kuti tilembepo masamu. Ine ndinadzakhala mphunzitsi. Ndapachika mapu osindikiza ambirimbiri, okongola ndithu, ndipo kalasi iliyonse ndinkaiwolotsa mzere uja monga anandituma. Koma kulemba mayinawo m'kope sindinalembe, ndinkadalira mutu, ati ndine wanzeru. Zimandiwawa mpaka lero. Mwa mitsinje isanu ndi iwiri ya amalume ndatsala ndi itatu, ndipo woti ndikamufunse palibenso.