Makontena a Flora

Flora Kamwendo anabwera ku Doha kudzasita zofunda za mu hotela, koma mukanamufunsa ntchito yake akanakuuzani kuti ndi mayi wa Mvano. Kwawo ku Mponela ndiye ankatsogolera anzake kukazonda odwala, ndipo khalidwe limenelo analilongedza mu sutikesi limodzi ndi bulauzi yoyera ndi duku. Anali wamfupi, wa mawu okwera, wosadziwa kunong'ona. Akati akuuzeni chinsinsi, anthu onse a m'nyumba yosanja ija ya ku Bin Mahmoud ankachimva.

Korona itatseketsa matchalitchi mu 2020, Flora sanadandaule nthawi yaitali. Ankati akhristu oyamba analibe nyumba ya malata kapena belu, ankasonkhana m'nyumba za amayi nkumagawana chakudya, nanga iwo alephera chiyani? Choncho malamulo atafewako, Lachisanu lililonse, lomwe ndi tsiku lopuma kumeneko, amayi anayi kapena asanu ankakhala pamabedi m'chipinda chake nkumaimba motsitsa mawu, kupatula mwini chipinda.

M'gulumo munali Lweendo wa ku Lusaka, wamtali, wosalankhulalankhula, wokolopa m'maofesi. Awiriwa anakondana moti anzawo ankawatcha mapasa, ngakhale kuti wina ankalekeza m'khwapa mwa mnzake. Onse analeredwa ndi lamulo limodzi, loti mbale ya mwini sibwerera yopanda kanthu. Flora akapereka chigumu m'kontena ya ayisikilimu, kontenayo inkabwera ndi zitumbuwa. Inkangoyendayenda choncho mpaka zilembo zake zinafufutika.

Lamulo latsopano litalola antchito kusintha ntchito popanda kalata ya bwana, Lweendo anapeza malo abwinoko. Anatsanzika kuntchito yakale, koma asanayambe yatsopano, korona inamugwira. Anauzidwa kuti adzitsekere milungu iwiri m'chipinda chake ku Al Muntazah. Pafoni ankadandaula kuti chilichonse m'kamwa chikungokhala ngati thonje.

Flora anamanga chitenje. Akaweruka ankaphika mpunga ndi nyemba, nkuthiramo tsabola wosayeza kuti lilime la wodwala lidzuke. Ankakwera sitima, kusiya kontena pakhomo, kugogoda, nkubwerera m'mbuyo mapazi asanu monga mwa lamulo. Chitseko chinkatseguka pang'ono, dzanja lalitali nkukokera chakudya mkati. Koma makontena sankabwera. Anapereka ya ayisikilimu, ya majarini, ya yogati, mpaka anayamba kusuzumira m'makabati a anzake. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anapeza chakudya cha dzulo lake chili pomwe anachisiya, chosatsegula. Flora anachita mantha kwambiri.

"Achemwali, muli moyo mmenemo?" anafunsa akumenya chitseko ndi chikhatho.

"Nilipo, ba Flora."

"Nanga chakudyachi mwasiyira mphaka?"

Mawu ofooka anatuluka mkatimo. "Osaleta futi. Makontena yanu yazula muno, nilibe vofakamo. Na shuga yasila. Nimvela nsoni."

Flora anakhala pamasitepe, mkwiyo ndi chisoni zitamugwira pamodzi. Munthu kugona ndi njala, malungo ali m'thupi, chifukwa chosowa choika m'kontena ya majarini. Koma akanamunena bwanji? Iyenso akanachita zomwezo. Ali kamtsikana anakwapulidwapo chifukwa chobweza mbale ya aneba ili mbee, ndipo mpaka lero msana wake unkakumbukira.

"Kupatsa nkuika, mudzabweza mukachira," anatero.

"Awe, ba Flora. Sitinakule so."

Flora anaimirira nkukonza duku lake. Mawu amene anatulutsa anachititsa anthu a zipinda zina kutsegula zitseko.

"Mverani kuno. Ku Doha kuno malamulo akusintha, inuyo mwachenja ntchito popanda siginecha ya bwana. Nanenso monga wamkulu wa mpingo wa pa thedi fulo ndasintha langa. Kuyambira lero mbale yopita kwa wodwala izibwera yopanda kanthu. Ndikufuna ndiziona pansi pake. Ndikapezamo ngakhale nyemba imodzi, ndiye kuti mwandinyoza. Khalas, nkhani yatha."

Kuseri kwa chitseko kunamveka chifuwa, chimene pang'onopang'ono chinasanduka kuseka. Flora anasiya chakudya chatsopano, natenga cha dzulo chija, nkubwerera mapazi ake asanu. Anadikira mpaka dzanja lija linatuluka.

Mawa lake anapeza makontena onse atasanjikizidwa pakhomo, otsukidwa bwino. Anavala magulovu nkuyamba kutsegula imodziimodzi, yonse yopanda kanthu, ya dzulo yomwe. Chibadwire Flora anali asanasangalalepo ndi mbale yobwera chomwecho. Anaseka, misozi ikunyowetsa masiki.

"Mwamaliza zonse, achemwali?"

"Vonse," anayankha Lweendo. Mawu ake anali ndi kamphamvu. "Koma mawa muchepeseko tsabola. Yanibaba maningi, nachita kulila."

Flora anayamba kudzitchinjiriza kuti tsabolayo ndi yemwe uja wakhala akuthira masiku onsewa, koma anadukiza pakati. Anasiya makontena pansi, nagogomeza chipumi pachitseko, ataiwaliratu za mapazi asanu aja.

"Wakuwawani?"

"Maningi."

"Ambuye alemekezeke," anatero Flora, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire ku Doha ananong'ona.