Masana Amene Ndinafuna Kuzimitsa TV

Chaka changa choyamba ku London ndinkagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Tottenham. Lamlungu lina masana, pa TV panali kanema wa Myuda woimba piyano amene ankabisala m'mabwinja nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Pakati pa oonera panali agogo ena aamuna, Myuda wobadwira ku Poland, amene ndinkawasambitsa m'mawa uliwonse. Pamkono pawo panali nambala yodinda pakhungu, ngati zija ankadinda Ayuda m'ndende pa nkhondoyo, koma ndinkaopa kuwafunsa.

Asilikali atayamba kukankhira abale a woimbayo m'mabogi a sitima, ndinayang'ana agogowo. Ndinatenga limoti kuti ndizimitse.

"Isiye, mwanawe," anatero. "Ndikufuna ndione ngati apulumuke."

Tinaonera mpaka kumapeto. Woimbayo anapulumuka, n'kuimbanso pamaso pa khamu la anthu. Ndinawauza kuti bola zatha bwino.

"Mlongo wanga ankaimbanso piyano," anandiyankha. "Iye asilikali atamutenga sanabwerere, ndipo palibe amene anamupangira kanema. Anali ndi zaka khumi ndi zinayi."

Madzulo amenewo anakana chakudya. Ndinakhala pambali pawo mpaka tiyi anazizira m'kapu.