Khosi la a Rivesi

Pakampani paja dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Rivesi, chifukwa bamboyu ankabweza galimoto ya bwana chambuyo kuchokera pageti mpaka m'galaja, dzanja limodzi pachiwongolero, khosi atalipotoza ngati nsalu yofinya. Madalaivala odalira magalasi ankawanyoza. "Galasi ndi la ometa ndevu," ankatero.

Koma ntchito ya dalaivala wa bwana, gawo lalikulu ndi kudikira. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi a Rivesi anazithera poimika magalimoto, akuwodzera mutu uli pawindo, kapena ataweramira foni. Bwana akaimba iwo ali pamsewu, foniyo ankaipana ndi phewa. Khosi linapirira mpaka linatopa. Tsiku lina anadzuka litauma gwa, ululu ukutsikira paphewa.

Kuchipatala, mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala masewera owongola ziwalo, anawafunsa ngati anagwapo, ndiponso ngati manja akuchita dzanzi kapena kufooka. Zonsezo anakana.

"Ndiye musaope, bambo, minofu yangotopa," anatero mayiyo. "Muzithowa ndi kansalu kofunda. Muzitembenuza mutu pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere, kenako kugwedeza. Podikira bwana muzitsika n'kumayendayenda."

"Jakisoni palibe?"

"Palibe."

A Rivesi anakhumudwa. Munthu kuchoka kuchipatala chimanjamanja, anthu akhulupirira bwanji kuti wadwala? Anachonderera mpaka mayiyo anawapatsa kolala yoyera yomanga m'khosi, n'kuwachenjeza kuti aivale masiku awiri okha, chifukwa khosi likazolowera kunyamulidwa limachita ulesi.

Kolalayo inachita zimene zaka zonse zija zinalephera. Bwana ananyamula okha chikwama chawo. Sekilitale anawabweretsera tiyi m'kapu yokhala ndi sosala. Anthu amene ankangowaitana ndi chala anayamba kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Tikhoza kuwaseka, koma kunena zoona zinali zomvetsa chisoni, pakuti pakampanipo palibe anali atawafunsapo funso limeneli. Masiku awiri aja anakwana sabata, sabata n'kukwana mwezi.

"Bambo, kolala yanuyi yayamba kununkha ngati sokosi," anatero akazi awo. "Nanga mafizo aja muyamba liti?"

"Mayi, mukufuna munthu wamkulu ngati ine ndizigwedeza mutu ngati gulo pamtengo?"

"Gulo sindinamumvepo akudandaula khosi."

Chifundo cha bwana nacho sichikhalitsa. Atatopa ndi kutsika kukaimirira kumbuyo kwa galimoto yawo yomwe n'kumakodola dalaivala, anawauza mosapsatira. "Madala, dalaivala wosacheuka sindimufuna. Pofika Lolemba musankhe, kolala kapena makiyi."

A Rivesi anachita mantha, chifukwa kunja kwa chiwongolero chija sankadziwa kuti iwo ndi ndani. Lamlungu anadzitsekera kuchipinda n'kuvula kolala. Mutu unawalemera ngati chidebe cha madzi, khosi litafooka kuposa tsiku limene anapita kuchipatala. M'malo moyamba mafizo, anati umenewu ndi umboni woti matenda akula. Kolala ija anaimanganso, n'kudzilimbitsa mtima kuti palibe bwana angalande makiyi kwa munthu wodwala.

Lolemba m'mawa analowa m'galimoto ali chikolalakolala, bwana ali pampando wakumbuyo. Anaika giya ya rivesi. Khosi linakana kutembenuka, ndiye anatembenuza thupi lonse ngati kabati, phazi n'kuterereka. Anayang'ana pagalasi lomwe analinyoza zaka zonse, osadziwa n'komwe kuti likuwauza chiyani. Galimoto inakaomba chipilala cha galaja, nyali yakumbuyo n'kumwazika pansi. Paja akuluakulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Bwana sanakalipe. Anangotambasula dzanja, ndipo a Rivesi anaikapo makiyi. Poganizira zaka zawo, sanawachotse ntchito. Anawapatsa yunifolomu ya mlonda, ndipo kolala ya yunifolomuyo sinkalola inzake pamwamba.

Pageti ntchito yake ndi yodziwika. Galimoto ikafuna kutuluka, mlonda amapita kumsewu, kuyang'ana kumanja, kuyang'ana kumanzere, kenako kugwedezera mutu yemwe ali m'katimo. A Rivesi ankachita zimenezi kosawerengeka patsiku, akuyendayenda. Patatha masabata atatu khosi linapola. Akazi awo anangotenga kolala ija n'kuyamba kuphulira mapoto.

Masiku ano galimoto ya bwana imayendetsedwa ndi mayi wina wofatsa, amene amabwerera chambuyo ndi magalasi popanda kucheuka n'komwe. M'mawa uliwonse a Rivesi amaitsegulira geti, n'kuigwedezera mutu. Ikalowa mumsewu amaiperekeza ndi maso, khosi likutembenuka bwinobwino mpaka kumapeto kwake, osamva ululu ngakhale pang'ono. Amaima choncho, atagwira geti, mpaka galimoto yawo itakhota pakona.